Anandidzutsa Msana Wanga Uli Chitsegulire

Izi ndikukuuzanizi sindinazitole pampopi kapena m'minibasi ayi, zinachitika pathupi langa lomwe lino, ndipo ndikamanena kuti n'zoona ndimanena mtima ukutentha, chifukwa panatha miyezi isanu ndi umodzi yathunthu anthu akundiuza kuti ndinalota, ena mpaka kunena kuti mutu wanga wasokonekera. Sinditchula dzina la munthu, la chipatala kapena la mpingo, poti ambiri mwa anthuwa akadali moyo ndipo ana awo timakumana nawo m'maliro ndi m'maukwati, koma amene ankakhala ku Bangwe m'zaka zoyambirira za matipate mwina akukumbukira mayi wina wamfupi, wa phewa limodzi lokwera, amene ankasoka pakhonde la golosale ina chakumtunda kwa msika. Mayi ameneyo ndine.

Msana wanga unayamba kukhota nditangotha msinkhu. Sindinagwe mumtengo, sindinamenyedwe, unangoyamba wokha pang'onopang'ono, phewa lakumanja likukwera, nthiti za mbali imodzi zikutukuka kumbuyo ngati ndabereka kamtolo, mpaka anzanga kwathu ku Chiradzulu anayamba kundinena kuti wa linunda, ndipo sukulu ndinalekera sitandade 5 chifukwa cha chipongwe chomwecho. Achemwali anga aakulu ndi amene ananditengera m'tauni n'kundiphunzitsa kusoka, ndipo kumeneko ndinakumana ndi bambo amene anandikwatira, kalaliki wa pakampani ina ku Limbe, munthu woyenda ndi nyuzipepala kukhwapa, wonyadira Chingerezi chake kuposa china chilichonse. Tinabereka ana awiri, mtsikana ndi mnyamata, ndipo pamimba yachiwiriyo msana unapindikiratu, moti ndikamakwera kachitunda kochokera kumsika ndinkapuma katatu, mpweya ukuperewera.

Kutatsala pang'ono kuti kuchitike referendamu, kuchipatala china kunabwera madokotala a mafupa ochokera kunja, ndipo mwamwayi dzina langa linalowa pamndandanda. Anandiika chitsulo kumsana, chonenepa ngati chala chaching'ono, chokhala ndi tingowe kumtunda ndi kumunsi tokola mafupa kuti asapitirire kukhota. Ulendo umenewo sindinaone choopsa chilichonse, anandigoneka, ndinakadzidzimukira kuwodi, basi. Ndinakhala zaka zinayi bwinobwino, ndikusoka malaya a nsalu za zipani, lero achikasu, mawa abuluu, mkuja obiriwira, ine osasankha mtundu, bola ntchito.

Ndiye tsiku lina m'mawa ndikutula ndowa ya madzi ndinamva kumsanaku kuti thyo, ngati wina wathyola kankhuni kouma mkati mwa thupi langa. Sizinapweteke kwambiri tsiku limenelo, koma patapita masabata angapo pakati pa mapewa panatuluka kachotupa kolimba, ndikakakhudza ndinkamva kuti si fupa ayi, ndi nsonga ya chitsulo ikukankha khungu, ndipo ndikawerama pamakina kankalira. Msana unayambanso kugwera kutsogolo, mwendo wakumanzere unayamba kuchita dzanzi, phazi linkaterereka pachopondera cha makina ine osamva n'komwe. Atandijambula anandionetsa chithunzi pawindo, ndipo ngakhale ine wosaphunzirane ndinaona ndekha kuti kangowe kakumtunda kachoka pamalo pake ndipo chitsulo changotsamira. Anati mafupa sanagwirane bwino ulendo woyamba, pafunika kutsegulanso, kuchotsa chakalecho n'kuika zina, ndipo ntchito yobwereza imakhala yovuta kuposa yoyamba chifukwa mkatimo mumakhala zipsera zokhazokha. Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri kuti dokotala wodziwa zimenezi abwerenso kuchokera kwawo.

Tsiku lokaonana naye ndi limene sindidzaliiwala. M'chipindamo munali dokotala wachizungu uja, munthu wachikulire wa imvi, ndi dokotala wina wachikuda amene amayenera kumasulira. Koma tisanakhale n'komwe pansi amuna anga anali atayamba kale Chingerezi chawo, ndipo anamuuza womasulirayo kuti asavutike, anthu ndi ambiri panja, iwo akandifotokozera zonse bwinobwino kunyumba. Womasulirayo anandiyang'ana ngati akufunsa, ine n'kungowerama, nanga mkazi wa nthawi imeneyo ukanatsutsa mwamuna wako pamaso pa mzungu? Anayankhulana nthawi yaitali, ine nditakhala pabedi nsalu ili m'chiuno ngati mbuzi imene akuikambirana pamsika. Ndinaona mzungu uja akuloza mapazi ake, kenako n'kumagwedeza zala za m'manja, amuna anga akungoti yesi, yesi. Anabweretsa fomu, iwo anasaina, ine n'kulemba dzina langa m'munsi mwake osadziwa chimene chalembedwa. Titatuluka ndinawafunsa kuti za mapazi zija amati chiyani, iwo anati akungonena kuti dzanzi lija litha, ndingolimba mtima, zonse zikhala ngati poyamba paja.

Anandilowetsa kufiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, m'mawa. Kumutu kwanga kunali bambo wogonetsa anthu, nkhope yake sindinaione chifukwa cha kansalu kapakamwa, koma mawu ake anali osasa pang'ono, ndipo kayankhulidwe kake kanali ka kumunsi kwa Shire, kaja kosakanikirana ndi Chisena. Anandifunsa kuti mayi, paja mukudziwa zochita nthawi ikakwana? Ine ndinkayesa akunena za kupemphera, ndinayankha kuti eya, ndikudziwa. Anati chabwino, muwerenge mpaka khumi. Ndikuganiza kuti ndinalekera pa folo.

Chimene chinayamba kubwera ndi fungo. Mukudziwa fungo lija la mbuzi akamaiwaula, ubweya ndi khungu zikupserera pamodzi? Kenako phokoso, chinthu china chikuyamwa madzi ngati mwana akumalizira thobwa ndi kapaipi, ndi zitsulo zikugundana m'mbale. Ndinafuna kumeza malovu koma pakhosi panali chinthu cholimba chimene chinalowa mpaka m'chifuwa. Ndinali chafufumimba, nkhope ili m'kabowo ka pilo, maso atamatidwa ndi pulasitala, koma kudiso limodzi pulasitalayo anali atamatuka pang'ono, ndipo pakampata kameneko ndinaona simenti yapansi, majombo oyera a munthu okhala ndi madontho ofiira, ndi ndowa yodzaza nsalu zamagazi. Panapita kanthawi ndisanazindikire kuti magaziwo ndi anga.

Kumsana kunkazizira, kuzizira kwachilendo, kolowa mkati mmene mphepo siyenera kufikamo, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti msana wanga ndi wotsegula ndipo manja a anthu ali mkatimo. Musandifunse ngati zinkapweteka ngati mpeni, sizinali choncho, kunali kukokedwa, ngati anthu awiri amphamvu wina wagwira khosi wina chiuno aliyense akukokera kwake. Ndinayesa kukuwa, mawu osatuluka, ngakhale kubuula. Maganizo oyamba anali akuti ndafa ndipo ali mkati mondikonza kumotchale, kenako ndinakumbukira mphekesera zimene zinkamveka m'makomboni masiku amenewo za anthu odula anzawo ziwalo, ndipo ndinati basi, andigulitsa. Kodi munthu amene sanauzidwe kanthu akanaganiza chiyani china?

Ndiye mawu osasa aja anabwera pafupi ndi khutu langa.

"Mayi, mukundimva? Finyani dzanja langa."

Ndinafinya, koma osati chifukwa chomvera, ndinkafuna chogwira kuti ndidzuke ndithawe. Ndinakankha ndi zigongono, mutu unadzuka pang'ono, ndipo nthawi yomweyo manja ambirimbiri anandigwira, pamapewa, pamutu, m'ntchafu, kundipanikizira pansi, mzungu uja akuyankhula mokalipa, chinthu china chinagwa pansi n'kulira.

"Osadzuka mayi, osadzuka. Mapazi okha. Gwedezani zala zakumapazi."

Ndinagwedeza, ndipo wina kumiyendo ananena mawu amodzi. Mawu aja anabwereza, koma tsopano ndinamva kuti mwini wake nayenso ali ndi mantha, anati lamanja lagwedezeka, tsopano lamanzere, yesetsani mayi. Ndinalituma phazi lija kuti ligwedezeke koma kunali ngati ndikutuma phazi la munthu wina, kumeneko kunalibe kanthu. Anayankhulana Chingerezi chothamanga, kenako ndinamva chitsulo chikulira mkati mwa mafupa anga, kulira kwake kunakafika mpaka m'mano, ndipo kukokedwa kuja kunachepa pang'ono. Anadikira, sindikudziwa nthawi yaitali bwanji, misozi ikutsikira m'mphuno. Atanenanso kuti lamanzere, ndinasonkhanitsa mphamvu zonse zimene ndinali nazo, ndipo ndinamva chala chachikulu chikukhudza nsalu. Munthu wina anapuma mpweya waukulu, mawu aja anati zikomo mayi, gonani tsopano, pamkono panadutsa chinthu chozizira, mdima n'kubwerera.

Nditadzuka kuwodi, mawu oyamba amene ndinatulutsa pakhosi lopweteka lija anali akuti anandidzutsa. Nesi amene ankasintha diripi anaseka pang'ono, anati mankhwala ogonetsa amalotetsa, wina dzulo amati waona agogo ake. Nesi ameneyo sindimusungira chakukhosi kwenikweni, iye kufiyeta kunalibeko. Koma nthawi yoona odwala itakwana ndinawafotokozera amuna anga zonse, majombo, ndowa, mawu aja, phazi lamanzere, ndikulira ngati mwana, ndipo iwo anayang'ana pansi, n'kuyamba kusenda nthochi imene anabweretsa, n'kunena kuti amenewo ndi maloto chabe, ndisamayankhule zimenezo anthu angandiseke. Mzungu uja ankadutsa m'mawa ndi gulu lake, amandikanda kuphazi ndi kiyi, ndikagwedeza zala amamwetulira n'kupita pabedi lina, ndipo sabata isanathe anali atakwera ndege.

Ananditulutsa nditavala chikhakha kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja mukukudziwa, thukuta likuyenderera mkati mosafika dzanja. Koma chikhakha sichinali vuto lalikulu. Vuto linali lakuti zija sizinkandichoka. Ndikadutsa pamene anyamata amawotcha kanyenya pasiteji, ndinkasanza pomwepo anthu akuona. Mwana wanga akabwera kumbuyo n'kundigwira paphewa ndinkakuwa n'kumukankha, mpaka ana anayamba kundizungulira patali. Ndipo chifukwa ndinkafunitsitsa munthu mmodzi yekha woti andikhulupirire, ndinkauza aliyense, aneba, makasitomala, amayi a pampopi, ndiye mukudziwa mmene nkhani imayendera m'komboni. Posakhalitsa zinamveka kuti telala uja azungu anamuwononga mutu, ndipo amayi amene anandisiyira nsalu zawo kuti ndidzasoke ndikachira anayamba kutuma ana kudzazitenga. Ine ndemwe ndinafika poyamba kudzikayikira. Ndinkakhala pampando tsiku lonse ndikudzifunsa kuti kodi misala imayamba chonchi, munthu ukukumbukira bwinobwino chinthu chimene sichinachitike?

Apongozi anga anabwera kuchokera ku Mulanje kudzandithandiza ntchito zapakhomo, ndipo atamva nkhaniyo anagamula kuti ndi ziwanda, zinandilowa nthawi imene ndinali chigonere. Loweruka lina masana anabwera ndi amayi asanu ndi mmodzi a felosipi ina ya m'dera lathu. Ine mapemphero sindikana, ndinawalandira, tinaimba nyimbo ziwiri. Kenako mtsogoleri wawo anati andigoneke pamphasa chafufumimba kuti asanjike manja pamene panalowera choipacho. Ndinawapempha, ndinati chonde amayi, mundipempherere nditakhala, chafufumimba ayi, koma iwo anati mwamva, chayamba kukana. Anandigwetsa, munthu wachikhakha, wa zitsulo zatsopano kumsana, nkhope pamphasa, manja pamapewa, pamutu, m'ntchafu, ndendende ngati tsiku lija, onse akukuwa m'makutu mwanga kuti tuluka. Mpweya unandithera, ndinadzikodzera, ndipo dzanja limene linali pafupi ndi pakamwa panga ndinaliluma mpaka magazi. Atandisiya ndinatembenuza mutu, ndipo pakhomo panali amuna anga ataimirira, manja ali m'thumba, ana athu awiri akusuzumira m'mbali mwawo. Madzulo ake ndinawamva apongozi akuuza amuna anga kuti zikapitirira anditengere ku Zomba kwa amisala, ndipo iwo anangoti tiona.

Tsiku lochotsa chikhakha ndinapita ndi achemwali anga aja, poti amuna anga anati kuntchito kuli sitoko, akuwerenga katundu. Tinakhala pabenchi m'khonde la chipatala kudikira, anthu ali pikitipikiti, ndipo kumbuyo kwanga munthu wina anauza wokolopa kuti asunthe ndowa yake anthu angaterereke. Mawu ochepa chabe, koma thupi langa lonse linachita tsemwe. Ndinatembenuka ndi chikhakha changa chomwecho, ndipo ndinaona bambo wamfupi wadazi, atavala chijasi choyera, atanyamula fulasiki. Sindinamuonepo nkhope chibadwire, koma mawuwo ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika wa Limbe. Ndinaimirira, ndinamugwira chijasi, achemwali akundikoka kuti ndisachite manyazi, ndipo ndinamuuza mawu ake omwe, kuti osadzuka mayi, mapazi okha, lamanja lagwedezeka, tsopano lamanzere.

Bamboyo anaima chilili, anandiyang'anitsitsa, kenako anafunsa ngati ndine mayi wa msana uja wa ku Bangwe. Anatilowetsa m'kachipinda kena kosungiramo mabotolo, anandipatsa mpando, ndipo ndisanakhale n'komwe ndinamufunsa kuti andiuze chimodzi chokha, ndinalota kapena ayi.

"Simunalote, mayi," anatero. "Tinakudzutsani dala. Koma mukutanthauza kuti simunkadziwa?"

Anandifotokozera m'Chichewa chomveka, zimene zikanatheka kunenedwa kalekale m'mphindi zisanu. Anati powongola msana, makamaka wobwereza ngati wanga, mtsempha waukulu umene umadutsa mkati mwa mafupawo ukhoza kukokeka mopitirira, munthu n'kufa miyendo mpaka kalekale, ndipo njira imene anali nayo yodziwira inali kumudzutsa wodwalayo pang'ono asanatseke bala, kuti agwedeze mapazi. Phazi langa lamanzere litakana, dokotala anabweza chitsulo pang'ono, ndipo n'chifukwa chake ndinali nditaimirira ndi miyendo yanga tsiku limenelo. Anati ambiri sakumbukira chilichonse, koma ena amakumbukira, n'chifukwa chake wodwala amauzidwiratu ndi kuyeserera naye, kuti akamva mawu asachite mantha, asadzuke. Anati mmene ndinadzukira muja paipi yopumira inatsala pang'ono kusolokoka, ndipo munthu wogona chafufumimba bala lili lotsegula, kuibwezera n'kovuta, ndikanatha kufera pomwepo. Kenako ananena chimene chinandimaliza. Anati dzulo lake la opaleshoni anabwera kuwodi kuti ayeserere nane, anapeza ndapita kukatengedwa magazi, ndipo amuna anga anamuuza kuti asadandaule, anandifotokozera kale zonse ndipo tayeserera kunyumba kangapo. Bambo uja anavula magalasi, anati nayenso analakwa, ankayenera kubweranso kudzamva kuchokera pakamwa panga, ndipo anapepesa. Ndinamupempha kuti alembe zimenezo pakadi langa lachipatala, ndipo analemba, n'kusaina.

M'minibasi yobwerera thupi linali lopepuka chifukwa chikhakha chachoka koma m'chifuwa muli moto. Ndinawapeza amuna anga pakhonde atabwera kale kuntchito, akupolisha nsapato, wailesi ili pambali. Ndinaika kadi lija pamwamba pa nsapatoyo n'kuwauza kuti poti Chingerezi amachidziwa, andiwerengere mokweza. Anawerenga chamumtima, anapinda kadilo, ndipo anati ndikanakuuza ukanakana, lero bwenzi ukukwawa, mmalo mothokoza ukubwera ndi milandu. Ndinati chabwino, tinene kuti poyamba munkandifunira zabwino, nanga nditadzuka n'kukuuzani ndikulira? Nanga miyezi yonseyi? Nanga tsiku lija amayi aja atandikhalira pamsana, inu muli pakhomo mukudziwa kuti chilichonse chimene ndikunena n'choona? Burashi ili m'manja, anati mzungu anawauza kuti mwina sindidzakumbukira, ndiye ankaganiza kuti ndiiwala, ndipo zitafika patali anasowa poyambira, akanaoneka bwanji pamaso pa amayi awo. Limenelo ndilo linali yankho lonse. Munthu analolera kuti mkazi wake atchedwe wamisala, ana ake amuope, atengeredwe ku Zomba, kusiyana n'kuti iye aoneke wolakwa kwa mphindi imodzi.

Ankhoswe atabwera, a mbali zonse ziwiri, nkhani anaipotoza mpaka inakhala ngati wolakwa ndine. Amalume anga enieni anati mwana wanga, chachikulu ukuyenda, mwamuna ndi mutu wa banja, anaganiza mmalo mwako ndipo zinayenda bwino, banja ndi kupirira. Ine ndinati ndikupempha chinthu chimodzi, aimirire pamaso pa amayi a felosipi aja ndi aneba anene kuti mkazi wanga sanapenge, ndinabisa ndine. Amuna anga anati zimenezo n'zachibwana, iwo sangakadzichotse ulemu pagulu la azimayi. Ndiye Lachinayi lotsatira ndinapita ndekha kumene amayiwo ankasonkhana, ndinadikira amalize nyimbo, ndipo ndinapereka kadi lija kwa mmodzi wa iwo amene anali mphunzitsi wa kupulayimale kuti awerenge ndi kumasulira. Anawerenga, mawu ake akunka natsika. Atamaliza palibe anayang'ana mnzake. Mtsogoleri uja anati tiyeni tithokoze Mulungu poti choonadi chaoneka, ine ndinati thokozani ndikapita, ndinatenga kadi langa n'kutuluka. Mwa amayi onse aja, amene anabwera kunyumba kudzapepesa ndi mmodzi yekha, yemwe ndinamuluma uja, ndipo mpaka lero ndi mnzanga. Apongozi anangoti bola wachira, n'kuyamba kulongedza katundu wawo.

Mvula itatha ndinakweza makina anga pagalimoto n'kusamukira ku Machinjiri, kumene achemwali anga anali ndi kapuloti, ana n'kupita nawo. Amuna anga anabwerako katatu, ulendo uliwonse ndi shuga ndi buledi, amakhala pampando n'kumakamba za ndale ndi kukwera kwa zinthu, ine ndikudikira mawu amodzi okha, koma sanatuluke, ndipo ulendo wachitatu ndinawauza kuti akafuna kuona ana azibwera, koma za banja aiwale. Anthu ena mpaka lero amati ndinathetsa banja pa nkhani yaing'ono, mwamuna sankamwa, sankamenya, sankayenda ndi akazi. N'zoona, sankachita zimenezo. Koma mwana wanga wamkazi zinamutengera zaka kuti azindikumbatira osayamba wapempha, ndipo ine mpaka pano sindigona chafufumimba, ngakhale kuchipatala akandiuza ndimayamba ndawafotokozera chifukwa chake.

Funso limene ambiri amandifunsa ndi lakuti kodi akanandiuza ndikanavomera? Ndaliganizira zaka zambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ndikanalira, mwina ndikanapempha sabata yoti ndiganize, koma ndikanavomera, chifukwa chitsulo chinali pafupi kuboola khungu ndipo mwendo unkafa ndikuona. Ndipo ngakhale ndikanakana, msanawo unali wa ndani? Madokotala aja sindidana nawo, anandipulumutsa miyendo, ndipo amene akuuzidwa kuti msana wake uyenera kukonzedwanso asathawe chifukwa cha nkhani yangayi, ndikumva kuti masiku ano kuli njira zina zoyezera, ngakhale ine za kumeneko sindizidziwa. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mpeni wa dokotala suopsa kwambiri ngati munthu wa m'nyumba mwako amene waganiza kuti iwe sungathe kusenza choonadi.

Ndiye amayi anzanga, ndi abambo omwe, mukadwala n'kufika poti akupatsani fomu, musalembe dzina lanu musanamve ndi makutu anu, m'chiyankhulo chanu, chimene akufuna kukuchitani. Womasulira akakhalapo musalole kuti wina amubweze, kaya ndi mwamuna wanu, kaya ndi mwana wanu wophunzira, ndipo dokotala akaloza chiwalo chilichonse funsani pomwepo kuti akuti chiyani, ngakhale panja pali mzere wautali. Inunso amene mumaperekeza odwala, musamasankhe zoti amve ndi zoti asamve, mantha a munthu wouzidwa amatha, koma a munthu wodzidzimutsidwa amakhala naye mpaka kumanda. Ndipo wodwala wanu akadzuka n'kukuuzani chinthu chachilendo, musathamangire kunena kuti walota. Pitani mukafunse amene analipo.